Achinyamata akati "filimu inali bwino" pakhomo, musafulumire kukhulupirira

Mphunzitsi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Iye ndi gulu lake la zisudzo ajambula filimu ya mphindi 55, ndipo akufuna kuionetsa koyamba mu holo muno mu Chipata. Akufunsa ngati kuli bwino kuimika mnyamata ndi kamera pakhomo kuti azifunsa achinyamata potuluka momwe aionera.

Aphunzitsi, ngati mukufuna kakanema koika pa Facebook, kamerayo imikeni. Koma ngati mukufuna kudziwa zomwe anawo aganiza, pakhomo simudzazipeza. Funso lanu landikhudza chifukwa magulu ambiri a kuno kum'mawa amagwera m'dzenje lomweli. Amamva kuyamikira kwa pakhomo, nakajambula filimu yachiwiri ndi zolakwa zomwe zija za yoyamba.

Taganizirani za mtsikana wa giredi 11. Tikiti wapatsidwa ndi mnzake amene wasewera mufilimumo. Akutuluka, getsi la kamera lamuwalira kumaso, inu aphunzitsi mwaima chapafupi, mlendo wolemekezeka akudutsa. Anganene chiyani? Tinamulera tokha kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Adzati, "inali bwino kwambiri, taphunzirapo zambiri." Umenewo ndi ulemu, ndipo ulemu ndi wabwino, koma sungakuuzeni kuti pa mphindi 20 nkhani inaima. Zenizeni adzakazinena pamsewu wobwerera ku Kapata kapena ku Mchini, ali ndi anzake okhaokha, inu kulibe.

Ndipo musawaone ngati osadziwa kanthu. Ambiri a iwo sanalowepo m'sinema yeniyeni ya ku Lusaka, mtunda wa makilomita opitirira 500 kuchokera kuno, koma aonera mafilimu ambiri kuposa ife akuluakulu. Aonera a ku Nigeria, a ku India, a ku Korea pafoni, ndi masewero a kuno kwathu pa Zambezi Magic. Sangakuuzeni mayina a zolakwazo monga amawatchulira kusukulu ya zojambula, koma maso ndi makutu awo anazolowera. Amaona kuti malaya asintha pakati pa chochitika chimodzi. Amamva kuti wosewera akulakatula mawu oloweza pamtima. Amadziwiratu mathero mphindi 10 zisanakwane ngati nkhani ndi ija ya masiku onse, ya mtsikana wopita kutauni n'kubwera ndi matenda.

Chomwe sakhululuka n'komwe ndi chilankhulo. Mu 2019 itatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, anthu akunja anaiyamikira, koma olankhula Chichewa ambiri anadandaula ndi katchulidwe ka osewera ena amene Chichewa sichinali chawo. Imeneyo inali filimu ya ndalama zambiri. Nanga yanu, yomwe owonera ake ndi anansi a osewera? Vuto lathu ife ndi lakuti timalemba sewero m'Chingerezi, kenako n'kumasulira patsiku lojambula. Zotsatira zake mnyamata wa pamsika amalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo agogo a ku Petauke amatuluka ndi Chinyanja cha m'tauni m'malo mwa Chinsenga. Holo yonse imaseka pamalo pomwe inu mumafuna misozi. Ine ndimaumirira kuti sewero lilembedwe m'chilankhulo chomwe lidzaseweredwe, kuyambira tsamba loyamba, ndipo wosewera aloledwe kusintha mawu omwe sakukhala bwino m'kamwa mwake.

Kuseka kolakwika kuja ndiko kuyankha koona. Maganizo a achinyamata amaoneka filimu ili mkati, mumdima, pomwe akuganiza kuti palibe akuwaona. Ikani anthu awiri kumbuyo kwa holo, wina kumanja wina kumanzere, aliyense ndi kabuku ndi wotchi yoyambitsidwa pamodzi ndi filimu. Alembe mphindi yomwe mafoni ayamba kuwala. Foni imodzi si kanthu, koma zikawala zisanu kapena khumi nthawi imodzi, pamenepo nkhani yawataya. Alembenso pomwe anthu aseka, pomwe ayamba kucheza, pomwe apita kunja, ndi pomwe holo yati zii. Mawa lake mukatsegule filimu pakompyuta, mupite pa mphindi zomwezo. Nthawi zambiri mudzapeza munthu akuyenda mtunda wautali popanda chochitika, kapena awiri akhala pampando akufotokozerana zomwe owonera aziona kale. Dulani. Zimawawa chifukwa tsiku lojambula pamenepo munapsa ndi dzuwa, koma wowonera sanalipire kuti aone kuvutika kwanu.

Pali chinthu china chimene chingakusokonezeni. Ngati mawu sakumveka, mafoni adzawala ngakhale filimu ili yabwino, ndipo mudzaweruza nkhani pa mlandu wa masipika. N'chifukwa chake ndiyenera kupatuka pang'ono.

Za holo ndi zipangizo

Yambani ndi mawu, chithunzi pambuyo. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zokambirana kwa mphindi zitatu, wapita. Maholo athu ambiri ndi a simenti pansi, njerwa m'mbali, malata pamwamba, motero mawu amagunda khoma n'kubwerera. Kukweza voliyumu kumangowonjezera phokosolo. Masipika awiri aikidwe kutsogolo, m'mbali mwa chinsalu, pa mitengo yake kuti akhale pamwamba pa mitu ya anthu okhala pansi, atapendekera pang'ono pakati pa holo. Wobwereketsa masipika anazolowera maukwati, adzafuna kudzaza besi. Muuzeni aitsitse, chifukwa besi imameza mawu a anthu. Pachikani mabulangeti kapena makatani olemera kukhoma lakumbuyo. Poyesa, muike munthu amene sanaonepo filimuyo pampando womalizira, abwereze zomwe wosewera wanena. Inu simungayese, chifukwa mawu onse mukuwadziwa kale ndipo khutu lanu lidzadzaza lokha mosowamo.

Chinsalu cha mamita 4 m'lifupi chimafuna mamita 2.25 kutalika kuti chithunzi chikwane bwino. Mzere womalizira wa mipando usapitirire mamita 13 kapena 14 kuchokera pachinsalupo, makamaka ngati pali mawu olembedwa m'munsi. Popeza pansi pa holo ndi posalala mofanana, m'munsi mwa chinsalu mukhale mamita 1.2 mpaka 1.5 kuchokera pansi, apo ayi a kumbuyo adzangoona mitu. Chikokeni chilimbe mbali zonse zinayi, makwinya amaoneka kwambiri pankhope ya munthu. Pulojekita ya malumeni (muyeso wa kuwala kwake) 3,000 mpaka 3,500 imakwanira ngati muli mdima weniweni, ndipo zambiri zimafuna kuima pafupifupi mamita 6 kuchokera pachinsalu chotere. Mukaonetsa masana, mawindo onse atsekeni ndi pulasitiki yakuda, osaiwala timawindo tapamwamba. Koma holo yotsekedwa chotero mu Okutobala ndi ng'anjo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ikagwa pamalata palibe sipika ingapambane nayo. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Loweruka lomaliza la Ogasiti lisiyeni, anthu anu a ku Katete adzakhala ku Mkaika ku Kulamba.

Filimu ikhale MP4 ya 1080p, ndipo muikopere m'kompyuta momwemo, osaiseweretsa kuchokera pa fulashi. Mafulashi ambiri amabwera ali FAT32, yomwe imakana fayilo yoposa 4 GB, ndipo anthu amazindikira zimenezi madzulo a tsiku lomwelo. Laputopu yachiwiri ikhale pambali, filimu ili kale mkati. Zimitsani intaneti ndi mauthenga onse, kuti WhatsApp ya munthu isatulukire pachinsalu. Chingwe cha HDMI, cholumikiza laputopu ndi pulojekita, chikatalika kupitirira mamita 10 chimayamba kudukiza chithunzi, choncho laputopu ikhale pafupi ndi pulojekita, chotalika chikhale chingwe cha mawu. Ngati milomo ndi mawu zikusiyana, mu VLC, pulogalamu yoonetsera mafilimu pakompyuta, mabatani a J ndi K amasuntha mawu pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Zimenezi zichitike dzulo lake, mu holo momwemo, filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, osati kungolawa mphindi ziwiri.

Za malaiti, tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumazimazima. Musadalire ndandanda ya ZESCO yokha. Pulojekita imadya mawati pafupifupi 300, laputopu osakwana 100, ndipo pamodzi ndi masipika awiri jenseti ya 2.5 kVA imanyamula popanda vuto. Langizo langa ndi lakuti muyendetse zonse pa jenseti kuyambira poyamba, chifukwa kusintha pakati pa filimu kumadya mphindi zingapo, ndipo babu la pulojekita likazima mwadzidzidzi lili lotentha limafuna nthawi lisanayakenso, mwinanso kuwonongeka. Thanki ikhale yodzaza, ndi malita 5 apadera. Jensetiyo ikhale panja, mamita 20 kapena kuposa, kuseri kwa khoma. Musailowetse m'kachipinda ka mu holo poopa akuba, utsi wake umapha. Ikani munthu woilondera.

Tsopano chomwe chimandipweteka kwambiri, malankhulidwe. Pachikalata mwalemba 18 koloko. Achinyamata afika 17:30. Mlendo wolemekezeka afika 19 koloko, ndiye pemphero, mawu a wapampando, mawu a wothandiza ndi ndalama, ndakatulo, gule, mawu a mlendo. Filimu iyamba cha m'ma 20:30, anawo atopa, njala yawagwira, ndipo atsikana ayamba kuitanidwa pafoni ndi makolo. Theka latuluka filimu isanathe, ndiye mawa wina adzati achinyamata a masiku ano alibe chidwi. Si zoona. Tawalakwira ndife. Akuluakulu tiwapatse ulemu wawo, koma onse olankhula asapitirire mphindi 10 filimu isanayambe, zotsalazo zidikire kumapeto. Muuzeni mlendoyo pomuitana kuti filimu idzayamba pa nthawi yake, ndipo akachedwa adzamulowetsa mwakachetechete. Musadzazenso mizere itatu yakutsogolo ndi mipando ya alendo omwe mwina sabwera, achinyamata n'kuwakankhira kumbuyo komwe mawu safika. Ngati owonera ambiri ndi ana a sukulu, yambani 15 koloko mawindo atatsekedwa, kuti afike kwawo kusanade.

Ndibwerere ku funso lanu, aphunzitsi. Tsiku loonetsa koyamba ndi la chikondwerero, ndipo pofika tsikulo filimu simungaisinthenso kwenikweni. Maganizo atengeni masabata atatu lisanafike. Itanani achinyamata 20 mpaka 25 omwe sali a m'gulu lanu, osati abale a osewera, osati a m'kalasi mwanu. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pemphani mphunzitsi wa sukulu ina akubwerekeni ake, pakhale anyamata ndi atsikana, a m'tauni ndi a kumudzi. Aonere m'kalasi, osewera kulibe, inunso mutuluke. Ikatha, asanayambe kukambirana, aliyense alandire kapepala kosalemba dzina, kokhala ndi mafunso asanu okha: fotokoza nkhaniyi m'mizere iwiri, ndi pati pomwe unafuna kutenga foni, ndi pati pomwe sunamve kapena sunamvetse, ndani amene unamukhulupirira ndipo ndani amene amaoneka kuti akusewera, ungalipire zingati kuti mnzako adzaionere. Funso loyambalo ndilo lalikulu. Ngati theka lafotokoza nkhani yosiyana ndi yomwe munkafuna kunena, vuto lili pa kadulidwe kanu. Funso lakuti "waikonda?" lisapezeke, ndiponso lakuti "waphunzirapo chiyani?", chifukwa limawabwezera m'kalasi ndipo adzayankha ngati mayeso. Alembe m'chilankhulo chomwe afuna.

Akatha kulemba, agaweni m'magulu a anthu 6 mpaka 8, atsikana paokha, chifukwa pamaso pa anyamata ambiri a iwo amangokhala chete. Wotsogolera akhale wa msinkhu wawo, ndipo asateteze filimu ngakhale kamodzi, azingofunsa kuti "unaona chiyani pamenepo?" Mphindi 20 zakwana. Chonenedwa ndi munthu mmodzi chisungeni pambali, chonenedwa ndi asanu kapena kuposa chikonzeni.

Patsiku lenilenilo kamera ya pakhomo ikhalepo, koma iime patali ndi pomwe pali osewera ndi alendo, ndipo funso likhale lakuti "ndi malo ati omwe ukawauze anzako mawa?" Mwana wosakwana zaka 18 musamuike pa intaneti popanda chilolezo cha kholo, konzeranitu timapepala tosainira. Ngati mufilimumo muli nyimbo ya woimba wina, pezani chilolezo chake cholembedwa ndipo funsani a ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, musanagulitse tikiti ngakhale imodzi. Ku khonsolo ndi kupolisi pitaniko kudakali masabata awiri, muwadziwitse za tsiku, malo ndi chiwerengero cha anthu omwe mukuyembekezera.