Kusunga masamba a pa intaneti kuti mwana aziwerenga opanda bandulo

Mayi wina wa ku Makwasa, yemwe amathyola tiyi pa esiteti, wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 4. Akuti tsiku lililonse amapempha ndalama ya bandulo ponena kuti zowerenga zili pa intaneti, ndipo thumba lafika potopa. Mnyamata wina wa cha ku Limbuli naye akudandaula kuti anasunga tsamba lofotokoza maphunziro a ku yunivesite ya MUST, koma atafika kumudzi, komwe netiweki amachita kuyisaka pamwamba pa chulu, tsambalo linakana kutseguka. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi amodzi.

Mayi, mwana wanu mwina sakunama, koma zolembedwa sizifuna bandulo tsiku ndi tsiku. Tsamba la mawu okhaokha ndi lopepuka kwambiri. Chimene chimameza bandulo ndi mavidiyo, TikTok, Facebook ndi masitetasi a pa WhatsApp, zomwe zimayamba kulowa zokha munthu akangoyatsa data. Tsamba la notsi za Biology akhoza kulitsegula kamodzi, n'kulisunga m'foni, n'kumaliwerenga mpaka tsiku la mayeso osalipiranso kanthu.

Iwe wa ku Limbuli, ndikuganiza kuti unadina kanyenyezi. Ambiri amapusitsika nako. Kanyenyezi kaja kamangosunga adiresi ya tsamba, osati zimene zalembedwamo. Kuli ngati kuloweza njira ya kuchigayo koma ufa osabwera nawo. Ukafuna tsamba lenilenilo pa Chrome, dina timadontho titatu tili pakona yakumanja, kenako dina kamuvi koloza pansi. Ukadzalifuna, bwerera pa timadontho tomweto n'kusankha Downloads. Opera Mini nayonso ili ndi malo osungira masamba oti uwerenge netiweki palibe. Ndipo usanachoke pamalo pamene netiweki ikugwira, zimitsa data n'kuyesa kulitsegula. Likatseguka, ndiye kuti lasungikadi. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, koma kukanakupulumutsa ulendo.

Komabe ine njira imene ndimalimbikitsa ophunzira ndi yosandutsa tsamba kukhala PDF. Pa timadontho titatu paja sankha Share, kenako Print, ndipo pamene foni ikufunsa za makina osindikizira sankha Save as PDF. Ubwino wake ndi woti fayilo yotere imatseguka pafupifupi pa foni ina iliyonse yamakono, ukhoza kupatsa mnzako pa Bluetooth osawononga yuniti, komanso ukhoza kupita nayo kwa osindikiza mapepala pa Chitakale kapena ku Luchenza n'kukatuluka nayo ili papepala. Tsamba losungidwa ndi kamuvi kaja limatseguka bwino pa foni yako, koma ukalitumiza kwa wina nthawi zina limavuta.

Pali tinthu tingapo tokhumudwitsa munthu akafika kunyumba. Masamba ambiri saonetsa zithunzi zonse mpaka utatsikira kumunsi, ndiye yamba walitsitsa mpaka pothera usanalisunge, apo ayi udzapeza mabokosi opanda kanthu pamene panayenera kukhala chithunzi cha mtima kapena mapu. Pena mawu amabisika pansi pa timitu tofunika kudina kuti titambasuke. Tambasula tonse kaye. Vidiyo sisungika pamodzi ndi tsamba. Mawu abuluu olozera ku masamba ena amaoneka ndithu, koma ukawadina amafuna intaneti, choncho ngati mndandanda wa maphunziro uli pa tsamba lina ndipo zoyenereza zili pa lina, sunga onse awiri. Matebulo aatali m'mbali amadukanso mu PDF. Yang'ana ngati mzere womaliza watuluka.

Amene mumagwiritsa ntchito kompyuta ya kusukulu kapena ya pa kafe, Ctrl ndi S imasunga tsamba ngati fayilo limodzi ndi foda ya zithunzi zake. Mukakopera fayilo yokha mu fulashi n'kusiya fodayo, tsamba limadzatseguka lili mbuu. Ctrl ndi P, kenako Save as PDF, imakupatsani chinthu chimodzi chathunthu.

Tsopano pamene ndikufuna nonse mumvetsetse ndi apa: tsamba losungidwa limaima pa tsiku limene linasungidwa. Eni ake akasintha kanthu mawa, lanu silidziwa. Pa notsi za masamu palibe vuto, chifukwa masamu sasintha ndi nyengo. Koma pa nkhani ya kufunsira malo ku yunivesite, ngongole ya maphunziro kapena maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, tsamba lakale likhoza kukugwetsani m'dzenje. Tsiku lotsekera limasuntha, ndalama yolipira fomu imakwera, zoyenereza zimasinthidwa. Taganizani munthu amene akuwerenga tsamba losungidwa chaka cha 2021 chisanafike: adzakhala akufunafuna Polytechnic ndi College of Medicine pansi pa University of Malawi, pamene chaka chimenecho Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mafayilo otere amazungulirabe m'magulu a WhatsApp, opanda tsiku, opanda mwini.

Choncho fayilo iliyonse muziisintha dzina n'kulembapo gwero ndi tsiku, mwachitsanzo "NCHE zoyenereza" kenako tsiku limene mwaisunga (NCHE ndi bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite). Werengani modekha kunyumba, kambiranani ndi makolo, lembani mafunso. Koma musanalipire ndalama kubanki kapena kutumiza fomu, tsegulaninso tsamba lenileni la NCHE kapena la sukuluyo muone ngati zili chimodzimodzi. Iwe wofuna MUST, zoti pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe. Pulogalamu iliyonse imatchula maphunziro ake amene uyenera kukhoza bwino, ndipo pamenepo ndi pamene uyenera kuwerenga ndi pensulo m'manja. Sukuluyo ili pa Ndata m'boma la Thyolo, si kutali ndi kwanu, kotero chimene sichikumveka ukhoza kukafunsa pakamwa.

Fomu ya pa intaneti yokha singadzazidwe opanda netiweki. Chimene muyenera kusunga ndi tsamba lomaliza, lija lotsimikiza kuti fomu yalandiridwa, lokhala ndi nambala yanu. Lisandutseni PDF nthawi yomweyo musanatseke. Ngati munali pa kompyuta ya eni, fufutanimo fayiloyo mukaikopera ndipo tulukani mu akaunti yanu.

Ndinenepo pang'ono za kusankha. Ana ena amadzaza foni ndi masamba mazanamazana omwe sadzawawerenga. Zambiri za pa intaneti zinalembedwera masilabasi a mayiko ena, pamene mayeso anu akonza ndi a MANEB. Onetsani aphunzitsi zomwe mwasunga akuuzeni zoyenera kutaya. Ndipo wina akakutumizirani fayilo n'kumati ndi mayeso obooka, tumizani ndalama, ameneyo ndi wakuba. Ngakhale zitakhala zoona, likasa limalepheretsa munthu mayeso onse.

Mayi, ine ndikanakhala inu ndikanagula bandulo kamodzi pa sabata. Mwana ayambe walemba papepala mitu imene akufuna, apite pamene netiweki imagwira bwino, asunge zonsezo, azimitse data. Madzulo muuzeni akuonetseni zimene wasunga data ili yozima. Ngakhale Chingerezi chikuvuteni, mudzaona nokha ngati ndi zasukulu. Foni ikamadandaula kuti yadzaza, kamemore khadi kamathandiza, ndipo mafayilo ofunika kwambiri awatumizenso ku foni ya mchimwene wake kapena ya azakhali, poti foni imabedwa, imagweranso m'madzi nthawi ya dzinja. Masamba amene aziwabwereza kawirikawiri, monga mafomula a Physics ndi Chemistry, ndi bwino kungowasindikiza, awerenge ngakhale tsiku limene foni yatsala kotchajitsa.