Ana akula, njinga ndi imodzi: kodi ndikatenge katapila?

Alangizi, ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimachita kabaza wa njinga yakapalasa pa Kamuzu Road ku Salima. Njinga ndili nayo imodzi, ndipo ndi yomweyo imene ndimaperekera ana kusukulu m'mawa ndi kukawatengera masana. Woyamba ali ndi zaka 9 ndipo amakhala pakaliyala. Wachiwiri, wa zaka 5, amakhala pakampando kachitsulo kamene wowotcherera anandiikira pafelemu, kutsogolo kwa chishalo. Wachitatu sanakwanitse zaka ziwiri, akadali kumsana kwa amake. Tsopano wachiwiriyu watalika, mawondo ake akugunda handulo moti ndikulephera kukhota bwino. Ndaona kanjinga ka ana kogwirapo kale ntchito ka K165,000, kuti woyamba azipalasa yekha, komanso mpando wapulasitiki wotsamira womanga pakaliyala wa K35,000, kuti wachiwiri asamukire kumbuyo. Munthu wina wavomera kundikongoza K200,000, ndiziika K30 pa K100 iliyonse pamwezi, chikole chake njinga yanga. Zikayenda bwino ndimapeza pakati pa K8,000 ndi K10,000 patsiku. Kampando kamene anakulira woyamba ndi kanjinga kake ka matayala atatu anabwereka alamu anga zaka ziwiri zapitazo. Kodi ngongoleyi ndiibweze kwa miyezi ingati kuti isandipweteke?

Bambo wa ana atatu, Salima

Bambo, za miyezi yobwezerayo sindikuyankhani, chifukwa palibe chiwerengero cha miyezi chimene chingaikonze ngongole imeneyi. Makalata onga anuwa ndalandira ambiri, ena a matiresi, ena a yunifolomu, ena a foni, ndipo onse amafika munthu atavomera kale mumtima mwake, akungofuna kuti wina amuthandize kugona tulo. Tiyeni tiwerengere limodzi, ngakhale mwachisawawa.

K30 pa K100 iliyonse, pa ngongole ya K200,000, ndi K60,000 pamwezi, ndipo chimenecho ndi chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Mukamagwira ntchito masiku 26 pamwezi, ndiye kuti tsiku lililonse K2,300 yoyamba si yanu. Tiyerekeze kuti ulendo wapafupi mumalipiritsa K700: maulendo atatu oyamba, ndi kagawo ka wachinayi, mudzakhala mukupalasira munthu amene wakhala pakhonde pake. Mukalimba mtima n'kubweza m'miyezi itatu, mudzapereka pafupifupi K320,000, ndipo mwezi woyamba wokha udzafuna K127,000, kapena kuti pafupifupi K4,900 patsiku, theka la zimene mumapeza pa tsiku labwino kwambiri. Mukalephera n'kumangoika chiwongoladzanja, monga amachitira anthu ambiri, pakutha pa miyezi itatu mudzakhala mutapereka K180,000, mtengo wa kanjinga kena kathunthu, ngongole ili chiimire pa K200,000 pomwe paja.

Komabe chimene chandidzutsa pampando ndi mawu atatu amene mwawalemba mopepuka, akuti chikole chake njinga. Njinga imeneyo ndiyo munda wanu, ndiyo khasu lanu, ndiyonso nkhokwe. Malungo a sabata imodzi, kapena mvula ya masiku asanu otsatizana, n'zokwanira kuti mudumphe mwezi, ndipo wakatapila sadzabwera kudzatenga kanjinga ka mwana, adzabwera kudzatenga njinga yodyetsa banja. Mudzatsala ndi mpando wotsamira wokongola wopanda kaliyala womangapo.

Ngongole yodula chotere munthu amaitenga pa ngozi, pamene wodwala ali pakhomo la chipatala ndipo palibe nthawi yoganiza. Kukula kwa mwana si ngozi. Uzani mayi a kunyumba akutulutsireni buku la kusikelo la wachiwiriyo, mudzaona kuti kuyambira ali khanda a zaumoyo akhala akulemba kulemera kwake, mzere ukukwera pang'onopang'ono pamaso panu. Tsiku limene wowotcherera ankayatsa moto pafelemu, zinali zodziwikiratu kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mawondowo adzafika pahandulo. Mukadaika padera K100 yokha patsiku kuyambira tsiku limenelo, m'zaka ziwiri ikadaposa K60,000, ndipo mpando wa K35,000 mukadaugula osandilembera kalata.

Apa ndipo ndikufuna tichedwepo, ndipo amene amawerenga tsamba lino kawirikawiri akudziwa kale kumene ndikupita. Mwana wanu ali ndi buku, koma njinga imene imamudyetsa ilibe buku. Ndadziwira pa mawu anu akuti zikayenda bwino mumapeza pakati pa K8,000 ndi K10,000. Munthu wolemba sayankhula choncho. Munthu wolemba amati mwezi watha ndinagwira masiku 23, ndinapeza zakutizakuti, ndinawononga zakutizakuti pa chubu, masipoko, mabuleki ndi ndalama ya pasiteji, ndipo zotsala ndi izi. Nanga zikapanda kuyenda bwino mumapeza zingati? Pamwezi masiku oyenda bwinowo amakhala angati? Tayala lakumbuyo limatha pakapita miyezi ingati? Mutu wa munthu umasunga tsiku limene ananyamula alendo opita ku Senga Bay n'kulandira zochuluka, koma umataya msanga Lachiwiri lija anakhala pasiteji mpaka dzuwa kupendeka atapeza maulendo anayi okha. Wakatapila amakonda kwambiri munthu wowerengera ndalama m'mutu, chifukwa munthu wotero amabwereka molingana ndi tsiku lake labwino, pomwe kubweza kumachitika ndi masiku onse.

Gulani kope wamba la ana asukulu ndi bolopeni, ndipo madzulo alionse, musanasambe, mulembe zinthu zitatu: maulendo angati, ndalama zingati zalowa, ndalama zingati zatuluka chifukwa cha njinga. Zakudya za pakhomo zikhale patsamba lina. Zimenezi sizifuna sukulu yambiri, ndipo mwana wanu wa zaka 9 akhoza kumakuwonkhetserani Loweruka lililonse, masamu ake n'kupindula nawo.

Kopelo likakhalapo lidzakuonetsani chinthu chimene simunachitchule m'kalata yonse, chomwe ndi mtengo weniweni wa ulendo wa kusukulu. Nthawi imene inu muli panjira ndi ana awiri ndi nthawi yomweyo imene anthu akuthamangira kuntchito, kumsika ndi kudepoti, ndipo wakabaza aliyense amadziwa kuti ola la m'mawa limaposa maola atatu a masana. Tiyerekeze kuti m'mawa ndi masana pamodzi mumataya maulendo atatu a K700. Imeneyo ndi K2,100 patsiku, ndipo pa masiku 20 a sukulu ndi K42,000 pamwezi. Sindikunena kuti kupereka ana kusukulu n'kulakwa, ndipo ndikukuyamikirani chifukwa abambo ambiri sachita zimenezo. Ndikungonena kuti mwakhala mukulipira ndalama imeneyo mwezi ndi mwezi osaiona, ndipo pulani yanu ya K200,000 siichotsa, pakuti wachiwiri mudzakhala mukumuperekabe nokha pa njinga yomweyo, nthawi yomweyo.

Choncho njinga yachiwiri ikufunikadi pakhomo panu, koma ikhale yaikulu. Kanjinga ka ana sikalowetsa ndalama ngakhale tambala, ndipo mwana wa zaka 9 adzakapitirira pasanathe zaka zitatu. Ndiponso, kunena mosabisa, sindingamasuke kumva kuti mwana wa msinkhu umenewo akupalasa yekha m'mbali mwa msewu wa M5, pakati pa malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimene zachuluka masiku ano. Njinga yaikulu yokhala ndi kaliyala wolimba, ngati mayi a kunyumba amapalasa kapena angaphunzire, imagwira ntchito zinayi. Imapereka ana kusukulu inu muli pasiteji, imapita kuchigayo ndi kumsika, imalowa m'malo mwa yanu tsiku limene ili kwa mmisiri, ndipo masana ikhoza kubwerekedwa kwa mnyamata wodalirika wa kabaza amene azipereka kangachepe patsiku, mutagwirizana polemba za amene adzakonzetse ikawonongeka. Woyambayo akadzafika zaka 12 kapena 13 adzaipalasa yekha, mutangotsitsa chishalo.

Za kulemera kwa ana musade nazo nkhawa. Mwana wa zaka 9 ndi wa zaka 5 pamodzi kawirikawiri safika makilogalamu 50, pomwe kaliyala wanu amanyamula anthu akuluakulu tsiku ndi tsiku, ndipo wa njinga za Buffalo anapangidwa kuti azisenza mpaka makilogalamu 100. Choopsa chenicheni ndi mapazi. Chidendene cha mwana chikalowa m'masipoko njinga ikuyenda chimasupuka mpaka mnofu, nthawi zina fupa limathyoka, ndipo bala lake limachedwa kupola. Ndalama yoyamba kutuluka, sabata ino yomwe, ipite kwa wowotcherera kuti atalikitse kaliyala, aike zopondapo ziwiri mbali iliyonse, chogwirira, ndi chotchinga m'mbali mwa tayala lakumbuyo kuti phazi lisafike pamasipoko. Mukatero wachiwiri asamukira kumbuyo, pakati pa inu ndi mkulu wake, ndipo handulo imasuka. Kampando ka pafelemu musakachotse n'kukataya kuseri kwa nyumba kuti kachite dzimbiri, chifukwa kali ndi mwini wake amene akali kumsana.

Mpando wapulasitiki wa K35,000 sindikuukana, koma muudziwe bwino. Mipando yambiri ya kufakitale yomanga kumbuyo imalekezera pa makilogalamu 22, ndipo malirewo amalembedwa pampando pomwepo. Mwana wa zaka 5 amalemera makilogalamu 18 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo amawonjezera pafupifupi awiri pachaka, choncho wachiwiriyo angaukhalire zaka ziwiri zokha. Amene angaupindulire kwenikweni ndi wachitatu, chifukwa mwana wamng'ono ndiye amagona panjira ndipo amafuna chotsamira ndi lamba. Mudzaugule ndi ndalama zapamanja nthawi yake ikakwana. Chinanso, mpando umenewo ukamangidwa pakaliyala wa njinga yanu ya kabaza, kasitomala adzakhala pati? Kodi muzimasula ndi kumanga mabawuti kanayi patsiku?

Tsopano za alamu. Ndikudziwa kuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sindikukutumani kukayambitsa mlandu kuchikamwini chifukwa cha kampando. Koma mwalemba nokha kuti anabwereka, simunalembe kuti munawapatsa, ndipo zaka ziwiri ndi zokwanira kuti mwana wawo nayenso akhale atakapitirira. M'banja la ana atatu katundu wa mwana amagulidwa kamodzi n'kutsika makwerero, kuchoka kwa woyamba kupita kwa wachiwiri mpaka kwa wachitatu, kenako n'kugulitsidwa kuti athandize kugula chotsatira. Inu makwererowo munawadula pakati, ndipo lero mukufuna kukongola kwa mlendo pa K30 pamwezi katundu wanu ali kwa abale kwaulere. Mayi a kunyumba ndiwo angayankhule bwino ndi mlongo wawo, mwaulemu, kuti wamng'ono wakula ndipo kanjinga ka matayala atatu kakufunika. Kakabwera kali bwino, ndi ka wachitatu. Kampandoko, popeza muli nako kena, kagulitseni kwa mnzanu wa pasiteji amene ali ndi mwana wamng'ono. Akakuuzani kuti zinathyoka kapena anapatsa ena, musakwiye, ingolembani m'kope lija kuti zinapita, ndipo ulendo wina pobwereketsa chinthu muzitchula mwezi wobwezera pamaso pa mayi.

Ndalama ya njinga yaikulu ichokere kuti? Munali wokonzeka kupatsa wakatapila K2,300 patsiku osapindulapo kanthu, choncho musandiuze kuti K2,000 patsiku simungaipeze. Imeneyo ndi K52,000 pamwezi, ndipo m'miyezi isanu ndi K260,000, osawerengera ya kampando kogulitsa kaja. Isagone m'thumba la thalauza. Iikeni pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba imene simugulira mayunitsi, kapena ipite ngati masheya kubanki mkhonde ya mayi. Ngati pamapeto padzaperewera pang'ono, kongolani kagawo kotsalako kugulu komweko, kumene chiwongoladzanja, ngakhale nachonso sichochepa, chimabwerera kwa mamembala pogawana, ndipo musadzalole kuti njinga ya kabaza ilembedwe ngati chikole.

Wina anganene kuti kusunga ndalama masiku ano n'kutaya, ndipo ali ndi mfundo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo njinga ndi zipangizo zake zimachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China, kotero mitengo yake imathamanga kwacha ikagwa. N'chifukwa chake ndanena miyezi isanu, osati zaka ziwiri. Ngakhale zinthu zitadula chotani, mtengo wa njinga sukwera ndi K30 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Muyang'anenso nyengo yogulira. Anthu akagulitsa zokolola, kuyambira cha mu Meyi kupita m'tsogolo, aliyense amafuna njinga ndipo ogulitsa sanenerereka, pomwe mu Januwale ndi Febuluwale njinga zogwirapo ntchito zimapezeka motsika chifukwa eni ake akufuna chimanga. Pokagula mutenge mmisiri wanu aone felemu ngati inawotcheredwapo, limu ngati ili yowongoka ndi habu ngati sikugwedera, ndipo wogulitsa alembe kalata yogulitsirana pamaso pa mboni, kuti musadzagule njinga yakuba.

Wakatapila uja mukamuuze mawa kuti mwasintha maganizo, ndipo akatsitsa kufika pa K25 musabwerere. Pakatha masiku 30 mundilemberenso, mutakopera tsamba loyamba la kope lanu, kuti tione ngati K2,000 patsiku ikutheka kapena tiitsitse kufika pa K1,500 n'kuwonjezera miyezi iwiri.