Za melatonin ndi mazira a nkhosa, kuyankha achimwene a ku Luchenza

Achimwene a ku Luchenza amene mwafunsa mu gulu lathu lino kuti nkhosa zanu zonse zazikazi zikungokweredwa koma osagwira bere, nde mwawerenga pa intaneti kuti melatonin amakhwimitsa mazira ndipo mukufuna kudziwa ngati mungagule mapilisi aja anthu amamwa akamasowa tulo n'kumazipatsa. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi bodza, ena akuti gulani basi. Zoona zilimo ndithu mu nkhaniyi koma ndalama yanu isapite ku famasi kaye, pepani ndilemba zambiri, muwerenge mpaka pansi.

Melatonin si chinthu chachilendo m'thupi mwa nkhosa ayi, imapanga yokha. Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa pineal, kamatulutsa melatonin kukada, kukangocha kamasiya. Anamutulukira ndi Aaron Lerner ku Yale ku America mu 1958 kuchokera m'ma pineal a ng'ombe. Usiku ukatalika melatonin amakhalitsa m'magazi, ubongo umadziwira pomwepo kuti tili nyengo yanji n'kutulutsa mahomoni ena, GnRH kenako LH ndi FSH, amene amakadzutsa thumba la mazira. N'chifukwa chake nkhosa za kumaiko ozizira zimayamba kufuna mphongo masiku akayamba kufupika, poti bere ndi la miyezi 5 ana amadzabadwa msipu utaphuka.

Koma zomwe mwawerengazo zikukhudza dzira lenilenilo ndipo ine mbali imeneyi imandisangalatsa zedi. Dzira la nkhosa ndi kanthu kosafika olo kota ya milimita. Kamwana kankhosa kamabadwa kali nawo kale mazira ake onse, amangogona, ndipo limodzi likadzuka limatenga pafupifupi miyezi 6 kuti likule mpaka kudzatuluka. Limakulira m'kathumba ka madzi litazunguliridwa ndi maselo olidyetsa otchedwa cumulus. Pokulapo limafuna mphamvu yambiri, nde paliponse pamene selo likugwiritsa ntchito okosijeni pamatsalira tizinyalala tolusa, akatswiri amati ROS, timene timadya khungu la selo, DNA komanso ma mitochondria omwe amapanga mphamvu, monga momwe dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Kutentha, matenda ndi njala zimachulukitsa tizinyalalati. Melatonin amapezeka m'madzi a m'kathumba kaja, amatigwira n'kutifoola, komanso amalimbikitsa selo kupanga zodzitetezera zake monga glutathione. Pa dzira ndi pa maselo a cumulus palinso malo omulandirira, MT1 ndi MT2, kusonyeza kuti sikuti amangodutsapo, dziralo limamumva.

Mmene amayesera mu labu ndi motere. Amapita kophera nyama kukatenga mathumba a mazira a nkhosa zophedwa kumene, amawaika m'madzi amchere ofunda, akafika amabaya timatuza tili pamwamba paja ndi jakisoni n'kuyamwa madziwo. Pa maikulosikopu amasankha mazira omwe ali ndi cumulus wokwanira, n'kuwaika m'kambale m'makina ofunditsa pa madigiri 38.5 kwa maola pafupifupi 24. Mawa lake ukayang'ana dzira lomwe lakhwima bwino, maselo aja amakhala atamwazuka, atatupa ndi kunanda, ndipo pambali pa dziralo pamaoneka kachidutswa kakang'ono kamene lataya, chizindikiro choti lakonzeka kukumana ndi umuna. Kambale kena amathiramo melatonin kena ayi. Kafukufuku wambiri wapeza kuti momwe muli melatonin mazira okhwima amachuluka, ndipo akakumana ndi umuna ambiri amapitirira kukula mpaka pa msinkhu wa kamluza kotchedwa blastocyst womwe umafikidwa pakatha pafupifupi sabata. Koma tamverani apa, mlingo wake ndi wochepetsetsa, ukachulutsa phindu lija limatha. Komanso m'kambale dzira limakumana ndi kuwala ndi okosijeni wambiri kuposa m'thupi, nde kumeneko chitetezo chimaonekera msanga. Zotsatira za m'kambale sitingangozinyamula n'kukazithira m'khola.

Kwa nkhosa zamoyo alimi a ku Spain, France, Australia ndi UK amagwiritsa ntchito kanthu kolowetsa pansi pa khungu kutsinde kwa khutu, kali ndi mamiligalamu 18, maina ake ndi Regulin kapena Melovine. Kamatulutsa melatonin pang'onopang'ono kwa masabata ambiri, nkhosa n'kumaona ngati usiku watalika, ndipo mphongo amadzailowetsa patatha masabata 5 kapena 6. Ku yunivesite ya Zaragoza ku Spain afufuzanso kwambiri momwe kanthuka kamakhudzira mazira ndi miluza ya nkhosa zosadya mokwanira. Zodyetsa melatonin pakamwa zinayesedwa kale m'zaka za m'ma 1980 ndipo zinkafulumizitsadi nyengo yokweretsa, koma pankafunika kupereka tsiku ndi tsiku nthawi imodzimodzi ya masana kwa masabata ambiri chifukwa melatonin sachedwa kutha m'magazi.

Tsono vuto lomwe anzathuwo akuthetsa ndi la nyengo, lomwe ife kuno tilibe kwenikweni. Ku England usana umatha kutalika maola oposa 16 kenako n'kufupika kufika pa 8. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje mu June nthawi ya chiperoni usana ndi maola 11 ndi mphindi zochepa, mu December ndi 13, kusiyana kwake maola awiri okha. Nkhosa zathu za michira yonona zija zimatha kukweredwa mwezi wina uliwonse, olo ma Dorper ochokera ku South Africa sasamala kwambiri za nyengo. Ndiye mutati mugule mapilisiwo mukhala mukukonza pomwe sipanawonongeke, komanso mapilisi a anthu sanapangidwire nyama yobzikula, musamangoyesa popanda alangizi a ziweto.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi dzanja. Gwirani nkhosa iliyonse pamsana chakuchiuno, sindikizani ndi zala, ngati mafupa akukubayani ndipo zala zikulowa pansi pa tinthiti tam'mbali mosavuta, imeneyo yawonda olo ubweya ukuiphimba ikuoneka ngati yonenepa. Kenako tsitsani chikope chapansi ndi chala muone mkati, kukakhala kofiira zili bwino, kukakhala kotuwa magazi achepa ndipo nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba zikuyamwa. Kuno kwathu chinyontho n'chambiri, malo ndi ochepa poti mbali yaikulu ndi minda ya tiyi, ziweto timangozimangirira pa chikhomo chomwecho tsiku ndi tsiku, njoka zimaswana koopsa. Ndipo kumbukirani miyezi 6 ija, dzira lomwe likutuluka lero linayamba kukula kalekale, ngati nkhosayo inavutika ndi njala mu September ndi October dziralo linavutikira limodzi. Masabata 2 kapena 3 musanakweretse wonjezerani chakudya, madeya pang'ono, masamba a nandolo, lukina, masangwi a mtedza, ndi mchere wonyambita, ndipo mupitirize zikakweredwa. Kuwonjezera kotereku kumachulukitsa mazira otuluka, mapasa amabweranso motero. Masana kukatentha zimangirireni pamthunzi ndipo madzi asamasowe, kutentha kumaononga dzira ndi kamluza kongoyamba kumene.

Pali kanthu kena kokhudza melatonin kamene mungachite osalipira olo tambala. Ambirife tinaika babu ya sola pakhola chifukwa cha akuba, ndipo ndikumvetsa, kuberedwa chiweto kumawawa. Koma kuwala kwa usiku kukamalowa m'maso mwa nkhosa pineal imachepetsa kutulutsa melatonin. Sindikunena kuti babu ndi yomwe yaletsa bere, koma itembenuzeni iziwalira panja ndi pachitseko, mkati muzikhala mdima. Mbuzi nazo ndi chimodzimodzi kwa amene mukuweta mbuzi mu gulu muno.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa funso lanu ndi choti mwati zonse zikulephera. Nkhosa yosagwira bere imabwereranso kufuna mphongo pakatha masiku pafupifupi 17, ndiye ngati zonse zikubwerera pamodzi, kaikirani mphongoyo musanaimbe mlandu mazira. Umuna umatenga masabata pafupifupi 7 kuti upangike, mphongo yomwe inadwala, inatentha thupi kapena inapsa ndi dzuwa la October imatha kumakwera bwinobwino mu December koma osabereketsa. Igwireni machende muone ngati onse awiri ali ofanana, olimba, opanda zotupa, muonenso ziboda chifukwa nthawi ya mvula zimaola. Ngati pali mnzanu wa mphongo yathanzi yomwe ana ake munawaona, bwerekani muyesere zazikazi ziwiri.

Yambani kulemba m'kope tsiku lomwe iliyonse yakweredwa, ndipo mukapita kwa alangizi a ziweto a kudera kwanu mutenge kopelo. Mutiuzenso muno kuti zazikazizo zili ndi zaka zingati, zinaberekapo kale kapena ndi misoti, ndipo mankhwala a njoka munazimwetsa liti komaliza.