Funsani Amakaniko: Galimoto yanga imazima yokha ili paulendo

FUNSO: Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004 yochokera ku Japan, injini yake 1NZ-FE. Ikayenda kamtunda ndithu imangozima yokha mumsewu. Ndikailiza pompo imakana, koma ndikadikira pang'ono imalira bwinobwino. Ndasinthitsa mapulagi ndi batire, sizinathandize. Vuto lili pati? — Wowerenga, Ntcheu

YANKHO: Bambo, musagulenso chitsulo china musanaone mmene galimotoyo imazimira, chifukwa yankho lili pamenepo. Injini imafuna mafuta, moto ndi mpweya, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chikasowa, kazimidwe kake kamakhala kosiyana.

Ikazima kamodzin'kamodzi ngati mwathimitsa ndi kiyi, osatsokomola, vuto ndi la magetsi. Ikayamba ndi kugwedezeka, kufooka pa chitunda, mukaponda mafuta n'kumakana kuthamanga kenako n'kuzima, ndiye kuti petulo sakufika mokwanira. Ikamazima pokhapokha mukachepetsa liwiro, monga pa maloboti kapena pa hampu, kawirikawiri throttle body (polowera mpweya mu injini) ndi MAF sensor (sensa yoyeza mpweyawo) zada. Zitsukidwe, chilichonse ndi mankhwala ake.

Mmene mwafotokozeramu, ife tikukayikira crankshaft position sensor. Kachipangizo kameneka kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira. Mkati mwake muli waya wopyapyala wokulungidwa, ndipo kakakalamba wayayo amaduka pang'ono: kakatentha mbali ziwirizo zimatalikirana, kakazizira zimakhudzananso. Kompyuta ikasiya kulandira uthenga wake imadula moto ndi mafuta nthawi imodzi. N'chifukwa chake kudikira kumaoneka ngati kukuchiritsa galimotoyo.

Ikadzazimanso, chitani izi isanazizire. Yang'anani dashibodi: magetsi onse akathima kapena kuphethira, pitani ku mitu ya batire, waya wa earth wopita ku bodi ndi ku injini, komanso swichi ya kiyi. Magetsi akakhala kuti akuyaka, lizani mukuyang'ana singano ya rev counter (yoonetsa mmene injini ikuzungulira) ngati galimotoyo ili nayo. Singano ikangoti duu pa ziro injini ikuzungulira, sensa ya crankshaft ija ikukayikitsa kwambiri. Amakaniko aiyeze ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi): ikazizira iwerenge pakati pa 985 ndi 1,600 ohms, ikatentha pakati pa 1,265 ndi 1,890. Kuiyeza m'mawa galimoto yagona n'kutaya nthawi, imaoneka yabwino. Aonenso pulagi yake yolumikizira ndi mawaya ngati sananyowe ndi oilo kapena kukhuzika. Pa kompyuta ya diagnosis vutoli limatuluka ngati khodi ya P0335, ndiye musachotse batire musanakapimitse, mungafufute khodiyo. Dziwaninso kuti timakina tina totchipa sitiwerenga galimoto zakale za ku Japan.

Pampu ya petulo nayo imatha kuima ikatentha. Pa galimoto yanuyi ili m'thanki, pansi pa mpando wakumbuyo, pamodzi ndi fyuluta yake. Ma Toyota ambiri sayatsa pampu mukangotsegula kiyi, choncho wina alize inu mukumvetsera pampandopo. Koma chenjerani: sensa ija ikafa, pampu imathanso kukhala chete ili yabwino. Chotsimikiza ndi geji yopimira mphamvu ya petulo, yomwe iyenera kuonetsa pakati pa 304 ndi 343 kPa. Relay ya EFI (kaswichi kopereka magetsi ku kompyuta ndi pampu) muiyese poisinthanitsa ndi ina ya nambala yofanana mu bokosi la mafyuzi, sizilira ndalama. Ndipo ngati munathirapo petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, thanki itsukidwe. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka madzi, ndipo zinyalala za m'zigubu zimatseka sefa ya pampu. Kuyenda thanki ili pafupi kuuma nthawi zonse kumaotchanso pampuyo, poti petuloyo ndiye amaiziziritsa.

Wina akakuuzani kuti mugule makoilo (zipangizo zopereka moto ku mapulagi) onse anayi, kanani kaye. Injiniyi ili ndi koilo pa silinda iliyonse. Imodzi ikafa galimoto imanjenjemera, kawirikawiri siyizima.

FUNSO: Nanga ikazima ndili pa liwiro, ndichite chiyani? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, musazungulize kiyi kufika pa LOCK, chiwongolero chingakhomeke. Yatsani mahazadi, gwirani chiwongolero ndi manja awiri chifukwa chimatha kulemera, ndipo lowerani kumbali. Mabuleki amakhala ndi mphamvu yopondera kamodzi kapena kawiri basi, ndiye pondani kamodzi mosalekeza, osapopa. Akauma, pondani mwamphamvu, amagwirabe. Mukaima, ikani giya pa P kapena N, ikani matrayango kutsogolo ndi kumbuyo, kenako yesani kuiliza. Ikalira, amakaniko apime alternator (chipangizo chotchaja batire) tsiku lomwelo: injini ikulira, pa batire pawerengedwe pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts.