Za echinacea ija mwafunsa, Amake Dalitso

Amake Dalitso, mwati akulu anu a ku Johannesburg akutumizirani kabotolo ka madontho a echinacea, ndiye mukufunsa ngati mungamudonthezere Dalitso wa zaka 4 amene chimfine sichikumuchoka chiyambire Juni, komanso ngati bambo ake, omwe ali pa ma ARV, angamamwe kuti chitetezo cha m'thupi chikwere. Kwa onse awiri ine ndikuti kabotoloko kayambe kakhala pashelefu. Mundipirire, nditalikitsa pang'ono.

Echinacea si chomera cha kuno. Kwawo ndi ku North America, m'zigwa za udzu, ndipo duwa lake ndi lofiirira, pakati pali kamutu ka minga ngati kanungu. Eni dzikolo ankatafuna mizu yake dzino likamawawa, pakhosi pakachita zilonda, ngakhale munthu akalumidwa ndi njoka. Zoti ndi mankhwala a chimfine zinadzakula ku Germany kuyambira m'ma 1930. Ogulitsa amagwiritsa ntchito mitundu itatu, purpurea, angustifolia ndi pallida. Wina amafinya masamba, wina amaviika mizu mu mowa, wina amapera ufa n'kuika m'makapisozi. Choncho mabotolo awiri olembedwa dzina limodzi akhoza kukhala ndi zinthu zosiyana m'kati.

Ine ndinamwapo. Chaka china chimfine chinandigwira zolimba nditachokera ku maliro ku Chadiza, komwe tinagona panja usiku wonse pamphepo. Ndinagula madonthowo pa tsiku lachinayi la chimfinecho. Ukadontheza palilime pamachita nyerenyere kenako dzanzi, ndipo mumtima umati eya, awa ndiye mankhwala. Sabata itakwana ndinali bwino, ndipo ndinawatama kwa aliyense, mpaka kwa munthu amene tinakhala mpando umodzi m'basi ya ku Lundazi. Chaka chotsatira ndalama panalibe, ndinangomwa madzi otentha a mandimu. Chimfine chinathanso pa sabata imodzi yomweyo. Chimfine wamba chimabwera ndi mavairasi ndipo chimatha chokha m'masiku 7 mpaka 10, ndiye chilichonse chimene wamwa pakatipo chimalandira ulemu wa ntchito imene thupi lagwira lokha.

Akafukufuku anayesa kambirimbiri. Mu 2014 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 24 wa anthu oposa 4,600, ndipo silinapeze umboni wogwirika woti echinacea imachiza chimfine chikayamba. Pa nkhani yopewa, panaoneka kaphindu kakang'ono kwambiri, kosati n'kukatayira ndalama ya ndiwo. Za ana ndiye zinaonekeratu mu 2003 ku United States, pomwe anayesa ana a zaka 2 mpaka 11. Amene anamwa echinacea sanachire msanga kuposa anzawo, koma otuluka zidzolo anachuluka pakati pawo kuposa pakati pa anzawowo. Mu 2012 boma la Britain linalangiza kuti ana osakwana zaka 12 asapatsidwe, poopa kuti thupi lingadane nayo n'kutupa kapena kubanika. Dziwaninso kuti echinacea ndi pachibale ndi mpendadzuwa ndi chisoso. Munthu amene amayabwa kapena kuyetsemula nthawi yopuntha mpendadzuwa, kapena wa mphumu, asayandikire n'komwe.

Za abambowo. Akuluakulu oyang'anira mankhwala ku Ulaya amaletsa echinacea kwa anthu amene ali ndi HIV, chifuwa chachikulu, kapena matenda oti chitetezo chikulimbana ndi thupi lomwe. Ikhozanso kusintha mmene chiwindi chimagayira mankhwala ena. Chimene chikukweza chitetezo chawo ndi ma ARV omwewo akamamwa pa nthawi yake osadumphitsa. Ngati mtima ukukanabe, anyamule kabotoloko tsiku lokatenga mankhwala akawaonetse a kukiliniki, asamwe mobisa.

Koma chimene chandikhudza m'funso lanu ndi mawu oti chiyambire Juni. Chimfine cha masabata ambiri chotere sichifuna madontho, chifuna kupimidwa. Kuno kwathu mwana akatentha thupi timayamba ndi kubaya kachala kuyeza malungo, ngakhale m'nyengo yozizira. Chifuwa chopitirira masabata awiri amayeza TB. Mukaona akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena akukana kumwa, musadikire kuche, chikhoza kukhala chibayo. Ndikufunseninso, kodi mbaula mumalowetsa m'nyumba usiku? Ambiri timatero kuzizira kukavuta, mawindo titatseka, mwana n'kumapuma utsi wa makala mpaka m'mawa. Chifuwa sichingathe, ndipo mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo.

Akakapezeka kuti ndi chimfine chabe, m'patseni zakumwa zofunda pafupipafupi, kasupuni ka uchi asanagone, ndi timadontho ta madzi a mchere m'mphuno kuti mamina afewe. Uchi ndi wa ana opitirira chaka chimodzi, khanda ayi. Panado apatsidwe molingana ndi sikelo yake. Amoxicillin wa pakantemba musiyeni, sagwira mavairasi. Zofukiza ndi masamba a bulugamu m'bulangete zisiyireni akuluakulu, ana amagubuduza poto n'kupsa.

Kabotoloko musataye, akulu anu angakhumudwe. Ngati inuyo simuli oyembekezera kapena oyamwitsa, ndipo simuli pa mankhwala ena, mukhoza kumwa chimfine chikakugwirani, osapitirira masiku 10. Muyambe mwawerenga papepala lake tsiku lotha ntchito, ndipo muonenso ngati muli mowa, chifukwa madontho ambiri otere amawasungira mu mowa waukali.