Funsani Azakhali: Bambo akukana nsapato zomata, koma zingwe zikuwakanika

FUNSO: Azakhali, bambo anga ali ndi zaka 72. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kubwera kuno ku Harare, nagwira ntchito ku fakitale ya simenti mpaka kupuma. Chaka chatha anadwala sitiroko. Mulungu ndi wabwino, pano akuyenda ndi ndodo, akulankhulanso, koma dzanja lamanja ndiye lakana. Ali ndi nsapato zakuda zachikopa zimene amapita nazo ku CCAP, poti ndi mkulu wa mpingo. Ine ndimadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Mbare Musika, ndiye wowamanga zingwe ndi mdzukulu wawo wa giredi 5, akakumbukira. Ndinawagulira nsapato zomata, anangoziyang'ana n'kunena kuti, "Ine si mwana wa ku kireshi." Tsopano akungoyenda ndi mapatapata, ndipo sabata yatha anapunthwa pakhomo. Nditani?

Mwana wawo wachisamba, Mabvuku

YANKHO: Mwana wanga, mapatapatawo kaye. Abiseni lero lomwe, bambo akakwiya muwauze kuti ndanena ndine. Phazi lokhudzidwa ndi sitiroko nthawi zambiri silinyamuka bwino kutsogolo, zala zimakwekwereza pansi, pomwe mapatapata amafuna kuti zala zomwezo ziziwagwira. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito kuchipatala, yothandiza odwala kudzutsa ziwalo, ndinaona anthu opulumuka sitiroko akubwerera pa machira atathyoka fupa la m'chiuno, atagwa pa sitepe ya nyumba yawo yomwe.

Koma pa nsapato zomatazo ndili mbali ya bambo. Munthu wakhala akupukuta yekha nsapato zake Loweruka lililonse madzulo kuyambira inu musanabadwe, lero mukuti akaime kutsogolo kwa mpingo atavala zolira khwee pomasula? Komanso chikuwadya mumtima n'chiyani, mukuganiza? Kukhala pampando, jekete atavala kale, kudikira kamwana kuti kamalize phala kadzawagwadire kumapazi. Nsapato zawo zisiyeni. Chosintha ndi chingwe basi.

Pezani lasitiki wakuda wobulungira, wonenepa ngati chingwe cha nsapato, pafupifupi mamilimita 3. Masitolo ogulitsa ulusi ndi mabatani kutauni amakhala naye. Mukamusowa, pitani ku msika wa Mupedzanhamo pa kaunjika, amene kuno timati mabhero, mukasankhe jekete yamvula yakutha. M'chiuno mwake ndi m'chipewa mumakhala lasitiki wamtundu womwewu. Ziliponso zingwe za lasitiki zopangidwira nsapato, monga za Lock Laces zimene othamanga amakonda, koma ntchito yake ndi imodzimodzi.

Pomanga ndiye pamene ambiri amalakwitsa, choncho mvetserani. Muchite madzulo, chifukwa phazi limatupa pang'ono dzuwa likamapendeka, makamaka la mbali yofookayo. Mukayeza m'mawa, pofika nthawi ya ulaliki nsapato idzayamba kuluma. Bambo avale sokosi zomwe amavala kutchalitchi, alowetse phazi, kenaka inu mulowetse lasitiki m'timabowo monga mwa nthawi zonse. Kokani pang'ono, mumange mfundo ya makutu awiri yooneka bwino, ndipo pakati pa mfundoyo mubayepo singano ndi ulusi wakuda kawiri katatu kuti isadzamasukenso. Woyang'ana adzaona nsapato yomangidwa bwinobwino. Akulu a mpingo anzawo sadzadziwa kanthu pokhapokha iwo eni adzitame.

Akatero aimirire, ayende kukafika kuchipata n'kubwerako, inu muli pambuyo kuyang'ana chidendene. Chikamatuluka m'nsapato poponda, mwamasula kwambiri. Chala chanu chikakanika kulowa pansi pa lasitiki, mwathinitsa. Ulusi uja musafulumire kusoka musanayeze zimenezi. Ine ndinasokapo msanga pa nsapato za malemu amuna anga, pamene nyamakazi inawapinda zala, ndipo ndinathera usiku ndi lezala kuphwasula, iwo akundiseka.

Yang'ananinso kapangidwe ka nsapatoyo. Pali zachikopa zina zimene mapiko ake okhala ndi timabowo anasokedwa mogwirana kumunsi, Angelezi amati Oxford, ndipo kamwa yake sitseguka kwambiri. Zina mapiko ake ndi omasuka, amatambasuka ngati chitseko cha mbali ziwiri, zimenezo ndi Derby. Ngati za bambo ndi Derby, mwapata. Ngati ndi Oxford ndipo phazi likukana kulowa, tengerani kwa wosoka nsapato waluso akaike zipi yaifupi mbali yam'kati, chakumunsi kwa kakolo, kumene anthu saona. Pa kachitsulo kokokera zipiyo kolowekanipo mphete ya makiyi kuti chala chimodzi chizingolowa n'kukoka. Muli komweko, muuzeni asokerere lilime la nsapato mbali imodzi. Lilime ndi limene limasowetsa mtendere munthu wa dzanja limodzi, phazi likamalowa nalo limapindikira m'kati.

Chotsala ndi chitsulo cholowetsera chidendene, chonga supuni ija, koma chachitali, cha theka la mita kapena kupitirira, kuti asamawerame. Anyamata owotcherera ku Siyaso, ku Mbare, akhoza kukupangirani mukawajambulira papepala. Muwaumirize kuti akwechese m'mbali mwake mpaka musalale, khungu la munthu wachikulire silichedwa kung'ambika. Povala akhale pampando wolimba, osati pa sofa yomira, ayambe ndi phazi lofooka, alisanjike pa bondo linalo kapena pa kampando kakafupi.

Tizomangira tapulasitiki tija tofinya, timene timakhala pa lasitiki wa jekete, ena amatitama kwambiri. Ine sindititama kwa aliyense. Pamafunika kufinya ndi zala ziwiri kwinaku dzanja lina likukoka chingwe, ndiye kwa bambo anu n'kungowonjezera ntchito. Timathandiza amene manja onse akugwira koma mfundo yokha ndiyo ikuwavuta, komanso amene mapazi awo amatupa ndi kuphwa tsiku limodzi, poti amatha kumasula masana.

Pali zinthu ziwiri zimene simunandiuze. Kodi ali ndi shuga? Ngati ali nayo, kapena ngati phazilo silimva bwino kukhudza, sangadziwe kuti nsapato ikuwathina. Sabata yoyamba muziwavula sokosi madzulo n'kuyang'ana pamwamba pa phazi. Mukaona mizere yozama kapena malo osintha mtundu amene sakubwerera mwakale, dulani lasitikiyo muyambirenso. Chachiwiri, kodi anawapatsa chipulasitiki chogwira phazi ndi mwendo kumbuyo? Chimenecho chimafuna nsapato yokulirapo ndi yogwira zolimba, ndipo lasitiki yekha akhoza kuchepa mphamvu. Zikatero nyamulani nsapatozo popita ku fizo, kuja amadzutsa ziwalo. Ku chipatala cha Parirenyatwa, ku chipatala cha Sally Mugabe chimene tinazolowera kuti pa Gomo, ndi ku St Giles ku Milton Park kuli akatswiri ophunzitsa odwala kudzivalira ndi kudzisamalira. Muwapemphenso awaonetse bambo kamangidwe ka dzanja limodzi: chingwe wamba amachimanga mfundo kumapeto kumodzi, n'kuchiyendetsa chokha kukwera m'timabowo, pamwamba n'kupanga kagoba kokoka. Papepala sindingakuphunzitseni, n'zofunika kuona ndi maso. Azibambo ena amakonda njira imeneyi kuposa lasitiki chifukwa amamva kuti amanga okha.

Lasitiki amatopa, ndiye mukaona nsapato yayamba kugwedera musinthe. Ndipo Lamulungu loyamba, mdzukuluyo mumutume kukatunga madzi. Asaime pafupi kuonerera.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 anabadwa ndi vuto la muubongo, cerebral palsy, zala zake n'zolimba. Kusukulu amafuna nsapato zakuda. Pa Facebook ndinaona timaginito tomangira nsapato, mchimwene wanga ali ku Johannesburg akuti akhoza kutumiza pa basi. Kodi n'tabwino?

Mayi wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Amayi, timagwira ntchito ndithu. Todziwika kwambiri ndi ta Zubits: tizidutswa tiwiri tomangirira pa zingwe mbali iyi ndi iyo, mukatiyandikiza timagwirana tokha, povula mwana amaponda kumbuyo kwa nsapato ndi phazi linalo n'kutukula chidendene. Achimwenewo akafuna kutumiza, musawaletse. Kungoti maginito amatola tizitsulo ta m'dothi, ndipo bwalo la sukulu ndi fumbi lokhalokha, choncho muzitipukuta. Kamodzi kakatayika, mudikiranso basi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa mwana wa msinkhu umenewu chomata chilibe manyazi, anzake ambiri akuvala zomwezo, ndipo ku Bata, amene fakitale yawo ili ku Gweru, muyambe mwafunsa zakuda zomata. Chomatachi anachitulukira George de Mestral wa ku Switzerland, ataona mu 1941 njere zakutchire zitakakamira pa ubweya wa galu wake, monga chimachitira chisoso pa chitenje. Mbali imodzi ndi tingowe, inayo ndi ubweya. Chikasiya kugwira, kawirikawiri tingoweto tadzaza ulusi ndi udzu, ndiye palani ndi chipeso musanataye nsapato. Wosoka nsapato atalikitse lamba ndi kuika mphete kunsonga, kuti mwana azikoka ndi chala chonse m'malo motsina.

Mwanayo mumuuze nkhani iyi. Mu 2012 mnyamata wa ku America wa vuto ngati lakelo, Matthew Walzer, ali ndi zaka 16, analembera kampani ya Nike kalata yonena kuti akufuna kupita ku koleji popanda kudera nkhawa za womumanga nsapato. Mu 2015 Nike inatulutsa FlyEase, nsapato ya zipi yozungulira kuchidendene, phazi limangolowera kumbuyo. Nthawi zina zimagwa m'mabhero, anthu n'kumazidutsa poyesa kuti ndi zong'ambika. Mukazipeza za saizi yake, yesani zipiyo katatu musanapereke ndalama.