Kodi amayi angamwe zitsamba akulandira kemo?

Mlongo wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo. Mayi ake anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ayamba kemo (mankhwala amphamvu a kuchipatala olimbana ndi khansa) ku Queens, ndiye achibale akuti awonjezere mankhwala a sing'anga wa ku Milanje. Akufunsa ngati n'zotheka.

Achemwali, funso lanu landidzutsira chilonda. Azakhali anga ankathyola tiyi kuno ku Mulanje, mayi wamphamvu, wosadziwa khomo la chipatala. Anamva kachotupa m'bere, kolimba, kosapweteka, ndipo poti sikankapweteka anangokasiya. Katakula, anthu anayamba zawo, akuti wawalodza ndi mnzawo wa kumunda chifukwa dengu lawo linkalemera kwambiri pa sikelo. Anawatema mphini kuzungulira bere n'kupakamo zakuda. Mbuzi inapita, njinga ya amuna awo inatsatira. Kenaka kunabwera mneneri, nayenso n'kunena kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa. Pomwe ankafika kwa dokotala n'kuti chotupa chitaphulika, fungo lili nyumba yonse, khansa itafalikira. Chomwe chinatsala ndi morphine wamadzi uja, mankhwala oletsa ululu, ndipo usiku umene anayamba kumwa anagona tulo mpaka kucha, pamene miyezi yonseyo ankangobuula.

Musandimve ngati wodana ndi zitsamba. Ndinakulira nimu ndi chammwamba. Ndipo mankhwala ena a khansa amachokeradi ku zomera. Vincristine, amene amapatsa ana odwala khansa ya Burkitt, amachokera ku kaduwa kofiirira kapena koyera kaja kotchedwa periwinkle, kwawo ku Madagascar, komwe kamamera ngakhale pabwalo pathu. Koma amachotsamo chinthu chimodzi chokha, n'kuchiyeza molingana ndi thupi la wodwala. M'botolo la Sobo lodzadza madzi abulauni, ndani akudziwa kuti muli chiyani, chochuluka bwanji?

Amene amandikwiyitsa kwenikweni si agogo okumba mizu m'munsi mwa phiri ayi. Ndi anyamata ogulitsa mabotolo m'madepoti ndi pa WhatsApp, botolo limodzi lochiza shuga, BP, khansa, n'kuwonjezanso mphamvu za abambo. Amenewo ndi akuba, ndipo amabera munthu amene ali ndi mantha. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza mu 2018 kuti pakati pa odwala khansa amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kudalira njira zina zokha, chiopsezo cha imfa chinali chokwera kawiri ndi theka. Uko ndi ku America. Nanga kuno, kumene ambiri timafika kale mochedwa?

Zimandiwawanso kuti khansa ya amayi anuyi ndi yopeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kuyeza kwake anamwino amangopaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana, ndipo katemera wa atsikana a zaka 9 anayamba m'dziko lonse mu 2019. Komabe Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansayi ikupha amayi kwambiri pa dziko lapansi. Inunso achemwali, mukayezetse, musadikire kuti muone magazi.

Tsono yankho lanu

Tsiku la kemo amayi asaliphonye, kaya wanena ndi sing'anga kaya ndi abusa. Chakumwa chilichonse cha zitsamba kachionetseni kaye kwa dokotala kapena namwino, osabisa, chifukwa zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zina zimasokoneza kemo ndi ma ARV. Mphini ayi, zoika kumaliseche ayi: kemo imafooketsa chitetezo cha thupi, kabala kakang'ono kakhoza kuwagoneka. Tiyi wa jinja amathandiza ena pa nseru, phala la soya ndi nsinjiro adye pang'onopang'ono, asisiteni miyendo, amvano abwere adzaimbe ndi kupemphera. Ululu ukakula, funsani za Tiyanjane, kiliniki yothandiza kuchepetsa ululu, konko ku Queens.